Mwana wa pa Bwalo la Ndege: Gawo Loyamba

Lachinayi lililonse ikamakwana 2 koloko masana, Mayi Doreen ankayamba kufunsa chikhoti chawo. Zambiri zinali zitawathawa m'mutu. Ankaiwala kuti adya kale, ankaiwala dzina la mdzukulu wawo, tsiku lina anapereka moni kwa nkhope yawo yomwe pagalasi la kubafa. Koma Lachinayi silinkawadutsa.

"Tiye kubwalo, mwanawe. Tachedwa."

Tadala ankawaveka, kuwakhazika panjinga yawo ya olumala, n'kuwakankha mpaka pagalimoto. Ntchito yake inali yogonera pomwepo, m'kanyumba ka njerwa kumapeto kwa tawuni ya Eye, m'chigawo cha Suffolk ku England. Ankawasambitsa, kuwaphikira, kuwamwetsa mankhwala, kenako n'kulemba zonse pafoni ya kampani kuti mwana wawo, a Margaret, aziwerenga ali kwawo ku Ipswich. Gogoyo anali ndi zaka 98. Anabadwira m'dera lomwelo ndipo sanasamukepo.

Bwalo limene ankanenalo munthu wachilendo sangalizindikire. Ukatuluka m'tawuni kulowera kumsewu wa A140 wopita ku Norwich, umaona malole, mashedi a malata, fakitale yaikulu yokonza nkhuku, malo opangira magetsi amene anayamba mu 1992 potentha zitosi za nkhuku, ndi makina amphepo ataliatali akuzungulira pang'onopang'ono. Zonsezi zinamangidwa pamwamba kapena m'mbali mwa konkire yakale. Konkireyo ndi yotakata kuposa msewu uliwonse wa m'derali, yoyalidwa m'mabwalomabwalo a makona anayi, ndipo m'ming'alu yake mwamera udzu ndi ndere. Pena yaphwanyika moti timiyala ta mkati tikuonekera. Pena ikadali yolimba, malole olemera amaima pamenepo tsiku lonse.

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse isanafike pachimake, malowa anali minda. Mu 1942 ndi 1943 mabwalo a ndege anachuluka ku East Anglia, ena motalikirana makilomita ochepa chabe, chifukwa dzikolo n'lathyathyathya ndiponso layang'anizana ndi Ulaya kutsidya kwa nyanja. La ku Eye linali ndi misewu itatu yodutsana, waukulu wake wotalika mamita oposa 1,800. Gulu la asilikali a ku America lotchedwa 490th Bomb Group linafika mu Epulo 1944, ndipo linanyamuka ulendo woyamba wokaponya mabomba pa 31 Meyi. Linayamba ndi ndege za B-24, kenako linasinthira ku B-17. Nkhondo itatha anyamatawo anabwerera kwawo, amene anatsala ndi moyo, ndipo malowo anagulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Pali chipilala chokumbukira gulu limeneli, ndipo anthu amaikapo nkhata za maluwa ofiira. Tsiku loyamba Tadala anaima pamenepo poganiza kuti ndi chimene gogoyo ankafuna.

"Pitirira," anatero Mayi Doreen osacheuka n'komwe.

Malo awo anali kutsogolo, pomwe kanjira ka oyenda pansi kamakumana ndi konkire. Akafika pamenepo ankauza Tadala kuti awavule nsapato ya kumanja, n'kuponda pansi ndi sokosi yokha, kaya kukuzizira bwanji. Ankakhala choncho mphindi khumi kapena kuposa, milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Akamaliza ankati, "Yauma bwino. Tiye."

A Margaret anali ndi yankho lake la zimenezi, ndipo analipereka Tadala atangoyamba ntchito. "Amayi anali ndi chibwenzi nthawi ya nkhondo, woyendetsa ndege wa ku America. Ndege yake inagwa ku Germany. Ndi nkhani yakale, usaitengere kumtima."

Tadala sanaitengere kumtima mpaka Lamulungu lina m'mwezi wa Epulo, pamene achimwene ake a Dalitso, omwe ndi namwino ku Norwich, anabwera kudzamusiyira ufa ndi usipa zimene mnzawo anabwera nazo kuchokera kumudzi. Sanafune kulowa. Anaima pakhomo la kukhitchini, chipewa chili m'manja, kuwala kuli kumbuyo kwawo. Mayi Doreen anali pampando wawo akuyang'ana wailesi ya kanema yosatsegula. Atatembenuka, nkhope yawo inasintha moti Tadala anachita mantha.

"Samuel."

A Dalitso anayang'ana mlongo wawo. Ntchito inali itawaphunzitsa kuti munthu wodwala matenda oiwalaiwala sumutsutsa. Analowa, n'kunjuta pafupi ndi mpandowo.

"Ndabwera, mayi."

"Wabwera ndi matope kumapazi ngati masiku onse." Gogoyo anaseka, kenako kusekako kunazima. Anagwira dzanja la a Dalitso ndi manja onse awiri. "Anamutenga, Samuel. Ndinamuyamwitsa milungu isanu ndi umodzi basi. Bambo anati asagone m'nyumba muno. Ndinakulembera, koma unali utachoka. Ali ndi makutu ako."

M'nyumbamo munangoti zii. Patapita kanthawi Mayi Doreen anamasula dzanjalo n'kufunsa ngati wapositi wadutsa kale.

Panja, pafupi ndi galimoto, a Dalitso analankhula motsitsa mawu ngakhale panalibe wina womva Chichewa m'mudzi wonsewo.

"Iwe Tada, zimenezi usalembe pafoni."

"Achimwene, lamulo lake n'lakuti chilichonse chachilendo ndizilemba."

"Lemba kuti anasokonezeka pang'ono, anamwa tiyi, anagona. Viza yako ili m'manja mwa kampani. Mayi wa ku Ipswich uja akangodandaula, akuchotsa, ndipo ukhala ndi masiku 60 okha kuti upeze ena okulemba. Wapakaliyala saimba belu. Ganiza za Takondwa."

Za Takondwa sankafunika kukumbutsidwa. Mwanayo anamusiya ku Ntcheu ndi agogo ake ali ndi zaka zisanu. Tadala anapeza ntchitoyi lamulo litasintha kale, pakuti kuyambira pa 11 Malichi 2024 osamalira okalamba obwera kumene sankaloledwanso kubwera ndi ana kapena amuna awo. Mano akutsogolo a mwana wake anaguluka iye akuonera pa WhatsApp. Usiku umenewo analemba monga momwe achimwene ake ananenera, koma tulo sanatione.

Loweruka lotsatira a Margaret anabwera ndi ganizo. Dziko linali kukonzekera kukumbukira zaka 80 chithere nkhondo ku Ulaya, pa 8 Meyi, ndipo anati amayi awo akaone malo osungirako zinthu zakale ku Thorpe Abbotts, kutsidya kwa mtsinje wa Waveney, ku Norfolk. Ulendo wake ndi wa mphindi zochepa pagalimoto.

Kumeneko misewu ya ndege yambiri inagumulidwa ndipo minda inabwerera, koma nsanja yolondolera ndege ilipo, yokhala ndi kachipinda ka magalasi pamwamba. Anthu a m'deralo anayamba kuikonza mu 1977 itasanduka bwinja, ndipo mpaka lero amene amaisamalira ndi ongodzipereka. M'katimo muli majekete achikopa ojambulidwa kumsana, mapu, mawailesi, zidutswa za ndege zofukulidwa m'minda, ndi zithunzi za anyamata khumi khumi ataima patsogolo pa ndege zawo. Ambiri anali asanakwane zaka 25.

Bambo wina wokalamba wa juzi yobiriwira anawalandira. Anafotokoza za 100th Bomb Group ngati akunena za abale ake. Ulendo woyamba, pa 25 Juni 1943, ndege zitatu sizinabwerere. Pa 17 Ogasiti, ku Regensburg, zinatayika zisanu ndi zinayi. Pa 10 Okutobala ndege 13 zinafika ku Münster ndipo inabwerako imodzi yokha, ya Robert Rosenthal, mainjini awiri atafa. Anthu anaima pansanja yomweyi akuwerenga, n'kudikira, n'kuwerenganso. Madzulo ake mabedi oposa 100 anagona opanda eni ake. Gulu lonse la Eighth Air Force, limene magulu onsewa anali pansi pake, linataya anthu pafupifupi 26,000. Tadala anamvetsera mtima ukuwawa. Anali ana a anthu, ndipo ndi bwino kuti pali wina amene amapukuta fumbi pazithunzi zawo.

A Margaret anakwera masitepe kukaona pamwamba. Njinga siikanatha kukwera, choncho Tadala anatsala pansi ndi gogoyo. Bambo uja anawerama mwaulemu.

"Mwana wanu akuti munkadziwana ndi woyendetsa ndege wa ku Eye. Mukukumbukira dzina la ndege yake, mayi? Mwina tingakupezereni chithunzi."

Mayi Doreen anamuyang'ana ndi maso oyera bwino, a munthu amene akudziwa chimene akunena.

"Sankauluka. Ankakumba. Lachinayi ndilo linali tsiku lawo lolowa m'tawuni."

Bamboyo anawongoka pang'onopang'ono. Anayang'ana kumasitepe, kenako kwa Tadala.

"Anakuuzanipo zina?"

Tadala anazengereza. "Anatchula za mwana."

Bamboyo anamukokera pambali, pafupi ndi chitseko. "Bwalo lino linamangidwa ndi kampani ya kuno. Koma la ku Eye anamanga ndi asilikali a ku America, magulu a 827th ndi 859th Engineer Aviation Battalion. Anali akuda, otsogoleredwa ndi azungu. Nthawi imeneyo asilikali a ku America ankasankhana mtundu, ndipo m'ndege zoponya mabomba za kuno munalibe wakuda ndi mmodzi yemwe. Iwo ntchito yawo inali kuzula mitengo, kukumba ngalande, kuthira konkire usana ndi usiku m'matope. Ndege zisanabwere, iwo ndi amene anafika. M'matawuni ambiri akuluakulu awo anagawa masiku, lero azungu, mawa akuda, kuti asamenyane m'mabala. Anthu a kuno ambiri ankawakonda. Ankaimba m'matchalitchi. Mu Sepitembala 1943 kwaya ya asilikali akuda 200 inakaimba ku Royal Albert Hall ku London pamodzi ndi Roland Hayes."

"Nanga ana?"

"Ana pafupifupi 2,000 anabadwa kwa asilikali akuda ndi atsikana achizungu m'dziko muno. Msilikali sankakwatira popanda chilolezo cha mkulu wake, ndipo kwa wakuda wofuna mzungu yankho nthawi zambiri linali ayi. M'zigawo 30 mwa 48 za ku America ukwati wotere unali mlandu. Atsikana ambiri anakakamizidwa ndi makolo kupereka anawo. Ena anakulira ku Holnicote House ku Somerset, ena m'nyumba zina za ana amasiye, ndipo ochepa okha ndi amene anapeza mabanja owatenga. Pali buku la Lucy Bland la mu 2019 lofotokoza zimenezi. Anawo akafuna kufufuza abambo awo amakumana ndi vuto lina, chifukwa mu Julayi 1973 moto unawononga mafayilo a asilikali mamiliyoni ambiri ku St. Louis. Masiku ano amayeza DNA. Amabwera kuno, mayi. Nkhalamba za zaka 80, kapepala kali m'manja, kufunsa ngati tili ndi chithunzi cha omanga aja. Mwezi watha kunabwera mmodzi, ndipo anafunsa za ku Eye."

"Tadala."

A Margaret anali ataima pasitepe yomaliza. Sanakweze mawu. "Amayi atopa. Tiyeni tizipita."

M'galimoto palibe analankhula. Atafika kunyumba, gogoyo atagona, a Margaret anamuitanira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Ndiwe wantchito wabwino, ndipo amayi amakukonda. Koma mutu wawo suli bwino, amasakaniza za m'mafilimu ndi za moyo wawo. Kuyambira lero ulendo wa Lachinayi watha. Makalata onse uzindisungira ine, usamawapatse. Ndipo wina akabwera pakhomo kufunsa za amayi, kaya ndi ndani, kaya anene chiyani, usatsegule. Belu la pakhomo lili ndi kamera, ndimaona pafoni yanga. Tamvana?"

"Ndamva, mayi."

"Bambo anga anamwalira osadziwa chilichonse chowachititsa manyazi. Ndikufuna zikhale choncho."

Anatuluka asanazindikire, kapena atazindikira mochedwa, kuti mawu omalizawo anaulula zimene oyambawo ankabisa.

Sabata imeneyo inali yovuta. Lachinayi Mayi Doreen analira masana onse, anakana chakudya, anamenya Tadala padzanja ndi supuni. Usiku wake, cha m'ma 3 koloko, Tadala anamva kukhwekhwereza m'chipinda chawo. Anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi akuloza pamwamba pa wadiropu.

"Nditsitsire chitini."

Chinali chitini chakale cha mabisiketi, chadzimbiri m'makona, chobisika kuseri kwa mabulangete. Mkati munali mabatani, ulusi, makadi a Khirisimasi. Gogoyo anazikhuthulira pabedi, n'kukanda pansi pa chitinicho ndi chikhadabo mpaka katoni yomwe inayalidwamo inatukuka. Pansi pake panali zinthu zitatu.

Choyamba chinali chithunzi chaching'ono chopindika pakona. Mnyamata wakuda, wamtali, malaya atapinda mpaka m'zigongono, ataima pakonkire yatsopano, fosholo ili paphewa, kumbuyo kwake kuli katapila. Ankaseka ndi mano onse. Makutu ake anali otambasuka pang'ono. Chachiwiri chinali kasokosi kamodzi ka mwana, koluka pamanja, kachikasu. Chachitatu chinali chikalata cha kubadwa cha mu Okutobala 1944. Dzina la mwana, Peter. Dzina la mayi, Doreen. Pa dzina la bambo panangodutsa mzere wa inki.

"Kenako kali kuti, mayi?" anafunsa Tadala, kasokosiko kali m'dzanja.

"Anapita nako kuphazi." Gogoyo anamuyang'ana kwa nthawi. "Iwe uli ndi mwana?"

"Ndili naye."

"Ali kuti?"

"Kutali, mayi. Kwathu."

"Ndiye ukuchita chiyani kuno?"

Tadala sanayankhe. Anabwezera zinthuzo m'chitini, kuwagoneka, kuwafunditsa, n'kukakhala pansi m'khonde la m'nyumba mpaka kunja kunayera. Pafoni ya kampani analemba kuti usiku unali wabata.

M'mawa wa Lolemba, potulutsa bini ya mapepala, mphepo inagwetsa chivundikiro ndipo zina zinamwazika pabwalo. Pakati pa manyuzipepala amene a Margaret anataya Loweruka panali zidutswa za kalata yolembedwa pamanja, yong'ambidwa kanayi. Tadala anadziwa kuti si yake. Anaima nazo m'manja, galimoto yotenga zinyalala ikumveka kumsewu, kenako anazilowetsa m'thumba la yunifolomu.

Anazilumikiza pa tebulo la m'chipinda chake. Zilembo zake zinali zazikulu, zonjenjemera. Wolembayo anati iyi ndi kalata yachinayi. Anati kuyeza DNA kunamulumikiza ndi mdzukulu wa m'banjamo. Anati sakufuna ndalama, sakufuna nyumba, alibe mlandu ndi wina aliyense. Anati madokotala amuuza kuti asakonze za Khirisimasi ya chaka chino. Anati adzakhala ku Eye pa 8 Meyi, ndipo akapanda kumva chilichonse adzagogoda kamodzi kokha, akakanizidwa sadzabweranso.

Anaimbira a Dalitso n'kuwawerengera. Iwo anakhala chete nthawi yaitali.

"Mlongo wanga, ine sindingakuuze kuti n'zabwino zimene akuchitazo. Koma fizi ya Takondwa, mankhwala a amayi, ngongole ya ulendo wako, zonse zili pa ntchito imeneyo. Tsiku limenelo utseke makatani, ukweze wailesi."

Pa 8 Meyi m'tawuni munali mbendera paliponse, mabelu a tchalitchi akulira. A Margaret anaimba foni m'mawa, anaimbanso masana, ulendo uliwonse n'kufunsa ngati zonse zili bwino. Mayi Doreen anakhala tsiku lonse phee, osafunsa kanthu, manja ali pamiyendo. Anadya msuzi wawo wonse. Tadala anatseka makatani. Wailesi sanakweze.

Ikudutsa 6 koloko takisi inaima pamsewu. Panamveka chitseko, kenako ndodo pamiyala ya panjira, gogodo, gogodo, mopumira. Tadala anasuzumira pakampata ka katani. Anali bambo wokalamba, wakhungu loderako, wowonda kwambiri moti jekete inkamulendewera, tsitsi loyera mbee. Anaima pakhomo, kuvula chipewa, kukonza tayi. Tadala anaona makutu aja.

Belu linalira kamodzi.

Miyendo inamufikitsa yokha kuchitseko. Kudzera pagalasi lake anaona bamboyo akutulutsa kanthu m'thumba la m'kati, kokulungidwa m'kampango, n'kukafunyulula ndi zala zonjenjemera. Kanali kachikasu.

Nthawi yomweyo kanyale ka pabelu kanayaka, ndipo mawu a Margaret anatuluka pamenepo, omveka panja ndi m'kati momwe.

"Bambo, chokani pakhomo la amayi anga, apo ayi ndiitana apolisi. Tadala, ndikudziwa uli kuseri kwa chitsekocho. Ndili pamsewu, ndifika m'mphindi 15. Ukangotsegula, mawa ulibe ntchito."

Bamboyo sanasunthe. Anangoti, "Ndingowaona nkhope. Sindilankhula."

Dzanja la Tadala linali pakiyi. Kumbuyo kwake kunamveka chitsulo chikukhwekhwerezeka pansi. Atacheuka anaona Mayi Doreen, amene sanaime okha chiyambire Khirisimasi, ataimirira pakati pa khonde, atakangamira choyendera chawo, miyendo ikunjenjemera, mtunda wa mapazi asanu kuchokera pampando umene akanagwera.

"Mwanawe," anatero, "ndani ali pakhomo?"

Ipitirira sabata yamawa.